Minibasi Imene Ndinaivula Ndekha

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili sitandade sikisi pa sukulu ya mishoni kufupi ndi Lirangwe, ndipo ndinenetu poyamba pomwe kuti nkhani iyi imandipsetsabe mtima mpaka lero. Mayi a kunyumba kwanga amati ndiiwale, zinapita kalekale. Amanena choncho chifukwa minibasi ija sanaione.

Anyamata onse a m'mudzi mwathu ankapanga galimoto za mawaya, sichinali chodabwitsa. Ukapeza waya pa mpanda wakugwa umamupinda, kumanga ndi malegeni odula ku chubu cha njinga, kuikapo mateyala a zitini za polishi ndi chiwongolero chachitali chofika m'chiuno, basi yatha, uyo akuthamanga m'fumbi akuliza injini ndi pakamwa. Inenso ndinkapanga zomwezo ndipo ndinkadziona katswiri, mpaka tsiku limene ndinanyamula imodzi kupita nayo kwa amalume anga, a Jailosi, amene ankakhoma ndowa ndi mbaula kuseri kwa msika wa Lirangwe.

Anailandira ndi zala ziwiri, kuitembenuza uku ndi uku, kenako kundiyang'ana.

"Ichi n'chiyani, mphwanga? Khola la nkhunda loyenda?"

"Ndi minibasi, amalume."

"Minibasi iti? Unaiona kuti minibasi ya mateyala a thirakitala?"

Ndinafuna kulira. Iwo analibe nazo ntchito. Anasolola chingwe pa thumba la feteleza limene ankakhalira, kundiponyera, n'kunena kuti ndipite pa siteji ndikasankhe minibasi imodzi yeniyeni, osati ya m'mutu mwanga. Ndikayeze kutalika kwake ndi chingwe, ndimange mfundo pamene yathera, kenako ndipinde chingwecho pakati, ndipindenso, ndipindenso, ndipindenso, kanayi. Chotsalacho ndiye kutalika kwa yanga. Chitseko chimodzimodzi, zenera chimodzimodzi, teyala chimodzimodzi. Anati ndikanama pamalo amodzi ndiye kuti galimoto yonse yanama, ndipo anabwerera ku ndowa yawo ngati sananene kanthu.

Ndinasankha minibasi yoyera imene inkayenda pakati pa Blantyre ndi Mdeka, imene inkaima nthawi yaitali pa Lirangwe chifukwa dalaivala wake, a Waisoni, sankadutsa pa chiwaya osadya tchipisi. Tsiku loyamba ndinangotsala pang'ono kumenyedwa. Tangoganizani kamnyamata kafumbi kakuzunguliza chingwe pa minibasi ya eni ake, kakumanga timfundo, kakung'ung'udza manambala. Kondakitala anandigwira kolala kunditukula m'mwamba.

"Iwe! Wakutuma ndani? Ukutimanga kuti tisapeze makasitomala eti?"

Anthu anasonkhana msanga, mayi wina wogulitsa tomato anayamba kale kunena kuti ana a masiku ano akuphunzitsidwa zinthu adakali aang'ono. Ndinafotokoza kuti ndikungoiyeza kuti ndipange yanga yaing'ono. A Waisoni anabwera akunyambita zala, anamvetsera, n'kuseka mpaka kutsokomola. Anauza kondakitala kuti amusiye injiniya agwire ntchito yake. Kuyambira tsiku limenelo, minibasi ija ikangoima ankaliza hutala kawiri, ine ndinkatulukira ndi chingwe changa.

Ntchitoyo inanditengera teremu yonse ndi holide yake. Mafupa ndinapanga ndi waya wokhuthala amene ndinkamuwongola pa chitsulo cha amalume mpaka dzanja kuchita dzanzi. Khungu lake linali la zitini za mafuta ophikira, zodulidwa ndi sizasi ya malata, m'mphepete mwake mopindidwa kukumbatira waya, ndipo m'makona amalume anandiphunzitsa kumata ndi mtovu pa chitsulo chamoto. Fungo la mtovu wosungunuka ndi makala ndimalimvabe ndikatseka maso. Mazenera ndinadula ku botolo la pulasitiki loyera, mipando ndinasema ku mapatapata akutha amene ndinkatola kudzala, mizere inayi, ndi kampando kopinda kaja ka pakhomo kamene kamapweteka msana. Mateyala ndinasemanso ku mapatapata akuda, kuwakhula pa mwala mpaka kubulungira, kuwalowetsa pa sipoko ya njinga. Utoto woyera ndinapempha kwa bambo amene ankapenta mazenera a tchalitchi, anandisiyira wa pansi pa chitini.

Koma misala yeniyeni inali pa tizinthu ting'onoting'ono. Minibasi ya a Waisoni inali ndi mng'alu pa galasi la kutsogolo, kuchokera pakona ya kumanzere kutsika, ine ndinaukanda ndi singano pa yanga. Inali yophwanyika pang'ono pamwamba pa teyala la kumbuyo, ine ndinagogoda chitini changa ndi msomali pamalo omwewo. Buti yake sinkatsekeka, ankaimanga ndi chingwe chabuluu, ine ndinafunafuna ulusi wabuluu mpaka ndinausolola pa juzi ya mlongo wanga, ndipo ndinalandira khofi chifukwa cha zimenezo. Kumbuyo kunalembedwa kuti TIKAFIKA NDITHU, ndinalemba ndi nsonga ya nthenga ya nkhuku, kufufuta kasanu. Ndipo chitseko, abale, chitseko! Chinandilizapo misozi katatu. Ndinkafuna chizitsetsereka ngati chenicheni, osati chizitseguka ngati cha kachimbudzi. Ndinapinda kanjira ka chitini m'mbali mwa galimoto, ndipo tsiku limene chitseko chinayenda m'kanjira kaja n'kutsekeka kuti khwa, ndinathamanga kuzungulira msika wonse opanda chifukwa.

Zala zanga zinali mabala okhaokha. Amayi ankadandaula kuti mbuzi zikugona ndi njala chifukwa cha zitini, ndipo kawiri anandibisira pulayala. Koma tsiku limene ndinaimaliza n'kuiika pakhonde, iwo anaima ndi ndowa pamutu nthawi yaitali, kenako anati, "Ii, koma ndi ya a Waisoni yeniyeni." Amalume sananene zambiri. Anatsegula chitseko, kutseka, kutsegulanso, n'kufunsa kuti kondakitala ali kuti. Kwa iwo kumeneko kunali kuyamikira kwakukulu.

Tsopano ndifotokoze za sukulu. Kalasi yathu inalibe chipinda. Tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, kukhalira njerwa, bolodi itatsamira thunthu. Mvula ikangoyamba kuwaza, sukulu yatha. Teremu yotsatira itangoyamba, ahedi analengeza pa asembule kuti Lachisanu kukubwera alendo ochokera kunja, atsikira ku Chileka, ndipo akakhutira ndi zimene aone akhoza kutimangira buloko ya makalasi awiri. Tinaomba m'manja mpaka kuwawa. Ntchito yokonzekera inaperekedwa kwa achiwiri awo, a Makwinja, amene ankatiphunzitsa masamu, mkulu wa mpingo, munthu wa tayi ngakhale mu Okutobala.

A Makwinja anali atalandirapo alendo otere kangapo ndipo ankadziwa kachitidwe kake. Anatiuza kuti bwalo lisesedwe, miyala ya m'mbali mwa njira ipakidwe laimu, koma ife tisadzikonze kwambiri. Amene ali ndi nsapato azisiye kunyumba. Amene ali ndi yunifolomu ziwiri avale yakale. Ndipo aliyense amene ali ndi choseweretsa chopanga yekha, mpira wa majumbo, chidole cha dongo, galimoto ya mawaya, abwere nacho Lachinayi kuti asankhe zoika pa tebulo. Mwini wa chinthu chosankhidwa adzaima kuseri kwa tebulo, alendo adzamupatsa moni wa padzanja ndi kumujambula.

Ine usiku wa Lachitatu tulo tinavuta. Ndinali ndisanajambulidwepo chibadwire.

Lachinayi ndinainyamula nditaikulunga m'chitenje cha amayi. Nditaivundukula pansi pa mango paja, anzanga anasiya zonse kundiunjirira. Ena ankakuwa ngati oitanira a pa siteji, wina anapempha kuti angotsegula chitseko kamodzi kokha. A Makwinja anabwera akubalalitsa anthu ndi ndodo yawo, koma ataiona anaima. Anaika ndodo m'khwapa, kuinyamula ndi manja awiri, kusuzumira m'kati, kuyendetsa chitseko. Anandifunsa kuti wandipangira ndani. Ndinati ndapanga ndekha. Anandifunsa kuti ndinadziwa bwanji kukula kwa chilichonse, ndipo ndinawafotokozera za chingwe chopinda kanayi. Anawerengera m'mutu, kenako ananena motsitsa mawu, ngati akulankhula okha, kuti, "Gawo limodzi pa magawo sikisitini."

Apa ndi pamene mtima wanga umawira kwambiri. Munthuyu anadziwa. Sanali mbuli ayi. Ndi yemweyo amene ankatikwapula m'manja tikalephera masamu a kuchepetsa ndi kukulitsa miyeso, ndipo tsiku limenelo anagwira masamu akewo m'manja, atavala utoto ndi mateyala, opangidwa ndi mwana wa kalasi yake. Ndinaona nkhope yawo ikuwala kwa kanthawi. Kenako anaibweza pansi.

"Iyi siikhala pa tebulo, Lameki."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Azungu akaona iyi adzati tagula m'sitolo ku Blantyre. Akakhulupirira kuti wapanga ndiwe, ndiye zoipirapo, adzati ana a kuno zikuwayendera, apite nayo buloko kwina. Iwo amafuna kuona galimoto ya mwana wa kumudzi, ya mawaya okhaokha, yokhotakhota."

Ndinati, "Koma sala, inenso ndine mwana wa kumudzi."

Anzanga ena anaseka. A Makwinja sanaseke. Anandipatsa njira ziwiri, ndipo ndizinena monga anazinenera chifukwa sindikufuna kuwanamizira. Yoyamba, ndiisiye kunyumba, ndidzaime kumbuyo ndi oimba. Yachiwiri, ndichotse malata onse, mazenera, mipando ndi utoto, atsale mafupa a waya, ndiikepo chiwongolero chachitali ngati za anzanga, ndiipake dothi pang'ono, ikatero idzakhala pakati penipeni pa tebulo chifukwa mafupa ake ndi owongoka bwino. Anamaliza ndi kuloza mtengo wa mango n'kundifunsa ngati ndikufuna anzanga apitirize kunyowa chifukwa cha kunyada kwanga.

Masana amenewo amalume kunalibe, anali atapita ku Mdeka kukagulitsa mbaula. Makiyi a kashedi kawo ndinkadziwa pamene ankabisa. Ndinakhala pa thumba lawo lija, minibasi pamiyendo, dzuwa likulowa m'mabowo a denga, ndipo ndinadziuza kuti ndikuchitira anzanga. Ndinayamba ndi denga. Ndinalowetsa sikuludiraiva pansi pa mpindo wa chitini n'kukanula, ndipo mtovu umene ndinamata mosamala chotere unathetheka ngati chigoba cha mtedza. Mbali ya kumanja inatuluka yonse yathunthu. Ya kumanzere inakana, inang'ambika pakati, ndipo inandicheka chala chachikulu. Mazenera anagwera pansi okha. Mipando ndinaizula umodzi umodzi. Chitseko ndinachisiya komaliza, ndinachiyendetsa kangapo kutsogolo ndi kumbuyo, kenako ndinachisolola. Kanjira kake kanakana kuchoka, ndinali nditakamata kwambiri, ndiye ndinakasiya pomwepo.

Ntchito ya miyezi inayi inatha asanaweruke a sitandade eyiti. Palibe amene anandigwira dzanja. Ndinatenga dothi la kuseri kwa shedi, kulinyowetsa ndi malovu, n'kupaka pa waya amene ndinamukhula ndi mchenga kuti awale. Zidutswa zonse ndinaziika m'ndowa yosamalizidwa n'kuvindikira ndi katoni. Ndinkaganiza kuti alendo akapita ndidzaiveka kachiwiri, Loweruka lomwelo, amalume asanadziwe n'komwe.

Lachisanu tinafola kuyambira m'mawa, opanda nsapato, mapazi akupsa pa bwalo losesedwa. Alendo anafika dzuwa litapendeka, pa galimoto ziwiri zoyera, anthu anayi. Tinaimba, atsikana anavina, ahedi analankhula nthawi yaitali. Kenako anabwera ku tebulo. Ine ndinali pakati, monga anandilonjezera, nditavala malaya ong'ambika pa phewa amene amayi anali atawasandutsa kale chopukutira m'nyumba. Mayi wina wa kamera anandijambula katatu, akupendeketsa mutu ndi nkhope ya chisoni ngati ali pa maliro. Ndinamwetulira. Ee, ndinamwetulira ndithu, mano onse panja.

Mwa alendowo munali bambo wachikulire wa magalasi omangirira chingwe m'khosi. Iyeyu sanathamangire kamera. Anagwada, kuyang'ana mafupa aja nthawi yaitali, kuyendetsa mateyala, kenako chala chake chinapeza kanjira ka chitini kaja m'mbali. Anakasisita kutsogolo ndi kumbuyo, n'kundiyang'ana, n'kufunsa funso. Chingerezi changa chinali chochepa koma ndinamva bwino kuti akufunsa za chitseko. Munthuyo anali atazindikira kuti pamenepo pankayenda chitseko, ndipo ankafuna kudziwa kumene chili.

Ndinatsegula pakamwa. Chitseko chinali m'ndowa, mtunda wothamanga mphindi khumi. Koma dzanja la a Makwinja linatera pa phewa langa n'kufinya, ndipo anayankha ndi iwo, ndi mawu ofewa a pa guwa. Ndinatolapo pang'ono chabe, zoti ana athuwa ndi osauka, zoti alibe zipangizo, zoti mwanayu amalota chitseko koma sangachipeze. Bambo uja anandiyang'ananso ngati akudikira kuti ndinene zanga. Ine ndinayang'ana mapazi anga.

Zimene zinatsatira sindinaziyembekezere ngakhale pang'ono. A Makwinja ananyamula mafupa aja ndi manja awiri, kuwerama pang'ono, n'kuwapereka kwa bambo uja, kulengeza mokweza m'Chingerezi kenako m'Chichewa kuti iyi ndi mphatso yochokera kwa ana a sukulu ino. Sukulu yonse inaomba m'manja, amayi a komiti analuluta. Bambo uja anandifunsa ndi manja ngati ndikuvomeradi. Dzanja lija linafinyanso. Ndinagwedeza mutu. Anandigwira chanza, kundipatsa switi, ndipo ndinaona minibasi yanga yamaliseche ikuikidwa kumbuyo kwa galimoto yawo pamodzi ndi dengu la mapapaya. Switiyo ndinadya pobwerera kunyumba, ndipo zimenezonso zimandinyansa ndikazikumbuka.

Loweruka amalume anavundukula ndowa yawo. Anatuma mwana kudzandiitana, ndipo ndinawapeza atayala zidutswa zonse pansi mwadongosolo, denga, mbali ziwiri, chitseko, mipando m'mizere yake. Ndinawafotokozera zonse ndikulira, ndipo ndinasamala kuti a Makwinja atuluke oipa kwambiri m'nkhaniyo. Amalume anaimirira n'kuponya hamala pa malata, phokoso lake linaimitsa anthu mumsika. Anatukwana mawu amene sindingawalembe pano. Ananena kuti akupita kunyumba kwa mphunzitsiyo pompano, tayi yake akamumangirira nayo pa mtengo wa mango womwewo. Ndinasangalala mumtima, ndinati eya, tsopano aona.

Koma atafika pakhomo la shedi anaima, kutembenuka.

"Wati anakupatsa njira zingati?"

"Ziwiri."

"Yoyamba inali yotani?"

"Yoti ndiisiye kunyumba."

"Ndiye ukanaisiya pansi pa bedi, buloko ikanathawa?"

Anandiloza ndi chala.

"Usandinamize ine, Lameki. Anzako onyowa ndi mvula asiye, sanakutume. Iwe umafuna kujambulidwa. Makwinja ndi chitsiru chophunzira, zimenezo ndikamuuza ndekha, koma sikuludiraiva inali m'manja mwako."

Akanandimenya zikanakhala bwino. Anatola zidutswa zija, kuziika m'jumbo, kundipatsa, n'kunena kuti zida zawo si zovulira galimoto, ndisazikhudzenso. Kwa a Makwinja sanapite tsiku limenelo, amayi anawagwira miyendo kuti mwanayu adakali ndi zaka ziwiri pa sukulu yomweyo ndipo munthuyo ndi mkulu wa mpingo. Ndinamva pambuyo pake kuti anakumana pa chigayo, ndipo zimene anauzana anthu anazikamba sabata yathunthu, koma minibasi yanga inali itakwera kale ndege.

Ndinayesa kupanga mafupa ena kuti ndiveke malata aja, pogwiritsa ntchito mwala ndi mano. Sizinakwanirane. Khungu lililonse linali litapindidwa pa waya wakewake, ndipo pokanula ndinali nditalipotoza. Ndinazitaya m'chimbudzi. A Waisoni anapitiriza kuliza hutala kawiri akafika pa Lirangwe, ine ndinkabisala kuseri kwa sitolo mpaka anasiya. Sindinapangenso galimoto ina mpaka nditakula, nditakwatira.

Buloko inabwera, ndisabise. Inamangidwa ine nditachoka kale pa sukulupo, ndipo ilipo mpaka lero, ana sanyowanso. Kaya inabwera chifukwa cha mapazi athu opanda nsapato, kaya inali itavomerezedwa kale alendo asananyamuke kwawo, palibe amene akudziwa, ndipo amene anganene kuti akudziwa akunama.

Masiku ano ndimakhala ku Chileka, ntchito yanga ndi yowongola ndi kupenta galimoto zochita ngozi. Lamulungu ndikaweruka ku tchalitchi ndimakhala pakhonde ndi zitini zanga, ndipo pa shelefu ya pabalaza pali tigalimoto khumi ndi tiwiri, lole ya njerwa, ambulansi, thirakitala, minibasi zitatu. Sindigulitsa. Ndimangofuna kuti chilichonse chikhale pamalo pake, mpaka kagalasi koonera kumbuyo.

Chaka chatha kunali maliro kwathu ku Chigaru, ndipo pobwerera ndinapatsa lifiti bambo wina wokalamba woyenda ndi ndodo amene ankapita kwa mwana wake ku Chileka. Anali a Makwinja, tayi idakalipo. Anandizindikira, ndipo poti kunja kunkatentha ndinawapatutsira kunyumba kuti amwe madzi. Ataona shelefu ija anaimirira, kuyandikira, kugwira minibasi imodzi ndi manja awiri monga kale, n'kuseka mokondwa.

"Mukuona? Ndine ndinakutulukirani ine. Ndinaika galimoto yanu pakati pa tebulo, lero ili ku Ulaya."

Anali asakunyoza. Umo ndi mmene ankaikumbukira nkhaniyo, ndi mtima woyera. Ndinawauza, ndi ulemu wonse umene ndinakwanitsa, kuti imene anaika pa tebulo sinali galimoto yanga, inali mafupa ake, ndipo anandiuza ndi iwo kuti ndiivule. Anakwinya nkhope akuyesa kukumbukira, kenako anagwedeza dzanja.

"Aa, zimenezo. Koma bulokotu inabwera, a Lameki. Nthawi imeneyo timayenera kutero."

Kenako anapempha kuti ndiwapatseko imodzi ya mdzukulu wawo. Ndinawathira madzi ena, ndinawathokoza chifukwa cha masamu amene anandiphunzitsa, chifukwa ndimadyeradi masamu amenewo, ndinawakweza m'galimoto kukawatula pakhomo penipeni pa mwana wawo. Minibasi sindinawapatse. Mayi a kunyumba anati ndachita mwano kwa munthu wamkulu. Mwina ndinachitadi.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti a Makwinja sanali munthu woipa kuposa anzawo. Anali atazolowera kupempha, ndipo wopempha amaphunzira msanga kuti chabwino chilichonse chimene ali nacho chimamuonongera malonda, ndiye amachibisa, kenako amaphunzitsa ana ake kuchibisa. Chimene sindiwakhululukira n'chakuti anayang'ana mwana amene wapanga chinthu chokongola n'kumuuza kuti umphawi wake ndi wothandiza kuposa luso lake. Koma amalume ananena zoona, ndipo mkwiyo wanga waukulu suli pa munthu wa tayi uja. Uli pa kamnyamata kamene kanamva zimenezo, kanali ndi mpata wokana, koma kanakatenga makiyi a shedi kokha. Ndimakamvera chisoni nthawi zina, kanali ndi zaka khumi ndi ziwiri chabe. Koma mpaka lero munthu akandiuza kuti ndichepetse ntchito yanga kuti wina andimvere chifundo, ndimayankha kuti ayi mokweza kuposa mmene funsolo likufunira, anthu n'kumadabwa kuti bambowa akalipiranji. Sadziwa kuti ayi ameneyo ndi wa Lachinayi lija, ndikungomunena mochedwa.